Kwa Bambo Pallas: Kachomera Kanu Kaja Kanawoloka Nyanja

Bambo Pallas,

Kachomera kanu kaja kanawoloka nyanja. Kali ku America tsopano, ndipo alimi a tirigu a ku Washington, Idaho, Colorado ndi Nebraska amadana nako kwabasi. Ndikunena kaja ka maluwa a pepo, kosapitirira bondo la munthu, kamene munalemba m'buku lachitatu la ulendo wanu wa m'zigawo za Russia, lomwe linatuluka ku St Petersburg mu 1776. Munakapatsa dzina loti Raphanus tenellus.

Ngati mwakaiwala sindingadabwe, poti m'buku lomwelo munali zinthu zina zimene zinakutchukitsani koposa. Mphaka wa m'tchire uja, manul, wa nkhope yokwiya ndi ubweya wotuwa wambirimbiri, masiku ano zithunzi zake zili ponseponse pa intaneti, ndipo anthu amamutcha mphaka wa Pallas ngakhale ambiri sadziwa kuti Pallasyo anali ndani. Chimwala chachitsulo chija anakusonyezani ku Krasnoyarsk mu 1772, cholemera makilogalamu pafupifupi 700, chinadzadziwika kuti chinagwa kuchokera kumwamba, ndipo miyala yonse ya mtundu wake amaitchula ndi dzina lanu mpaka lero. Koma kachomeraka, wokajambula nthawi zambiri amakhala mlimi amene akufunsa alangizi kuti apopere mankhwala anji.

Dzina munakapatsa lija silinakhalitse. Munali mutangogona chaka chimodzi m'manda ku Berlin pamene Robert Brown wa ku London, mu 1812, anakachotsa m'gulu la radishi n'kukapatsa gulu lakelake, ndipo mu 1821 Augustin Pyramus de Candolle wa ku Geneva anakhazikitsa dzina limene lilipo mpaka pano. Akatswiri amalemba kuti Chorispora tenella (Pall.) DC., kusonyeza kuti woyamba kukafotokoza ndinu koma wokaika pamalo pake ndi wina. Ine ndili mbali yanu pa nkhaniyi. Zomera zambiri za banja la mpiru zikakhwima, kachitheba kake kamang'ambika m'litali, mbali ziwiri n'kugwa, njere n'kumwazika, pakati n'kutsala kachikopa kopyapyala koonekera dzuwa. Mpiru umatero, kabichi amateronso akasiyidwa kuti achite mbewu. Radishi wa m'tchire satero, ndipo kachomera kanu nako sikatero. Kachitheba kake, ka masentimita 3 kapena 4, kamapindikira m'mwamba, ndipo chakumapeto kwake kuli mlomo wautali wosongoka wopanda njere. Kakauma n'kukapana ndi zala, sikatseguka ayi. Kamathyoka mopingasa, thyo, thyo, m'tizidutswa tolimba, njere ili yotsekeredwa mkati. Chimene chimagwa pansi ndi njere yovala kale chikhoko chake. Inu munaona kuthyokako n'kunena kuti uyu ndi mbale wa radishi, ndipo munthu wamaso aliyense akanatero. Ndi a masiku ano, oyeza DNA, amene atsimikiza kuti awiriwa ali pa nthambi zotalikirana za banjali, ndipo aliyense anafika payekha pa nzeru yothyola kachitheba.

Duwa lake ndi la banja lake ndithu: timasamba tinayi topingasana, topyapyala, totalikirana kotero kuti pakati pamaoneka mipata, tsinde la kalikonse litabisala m'kachubu. Mukang'amba kachubuko ndi chikhadabo mupeza tinsinga tonyamula mungu tisanu ndi kamodzi, tinayi tatitali, tiwiri tatifupi. Chizindikiro chimenechi ndi chimene katswiri wa zomera Linnaeus ankadziwira banja lonseli, ndipo mayi aliyense amene wasiya mpiru wake kuti uchite maluwa kudimba angachione pa duwa lachikasu lija atafuna kuwerenga. Masamba a pansi ndi aatali, okhala ndi mano akuluakulu m'mphepete; okwera ndi tsinde amacheperachepera. Tsindelo limachita nthambi kuyambira pansi penipeni, ndipo mukaligwira limamata pang'ono m'zala, chifukwa lili ndi titsitsi ting'onoting'ono tokhala ndi kamutu konyowa kumapeto. Ndiye fungo. Kakaphuka kochuluka m'mbali mwa msewu, munthu amakamva asanakaone. A ku America amene akhala nako pafupi amati ndi fungo la chisanza chotsukira mbale chimene chagona chonyowa, ngakhale alipo ena amene amati limawasangalatsa chifukwa limawauza kuti kuzizira kwatha.

Mkati mwa tsamba muli chida cha banja lonse. Zomera izi zimasunga zinthu ziwiri m'zipinda zosiyana: mankhwala otchedwa glucosinolate, ndi kena kotchedwa myrosinase kamene kamawaswa. Tsamba likakhala lathunthu ziwirizi sizikumana. Mbozi ikangoluma, zipindazo zimaphwanyika, ziwirizi n'kusakanizika, n'kutuluka mafuta oyabwa aja amene amakwera m'mphuno. Chinapangidwira kuthamangitsa wakudya, koma anthufe tinachikonda n'kuyamba kulima zomerazo dala. Ng'ombe za mkaka zikadya kachomera kanu kambiri, mkaka umatuluka ndi fungo ndi kakomedwe kachilendo, ndipo ichi ndi chimodzi mwa milandu yake kwa alimi a tsidya lija.

Tsopano za kalendala yake, pakuti apa ndi pamene pagona chimene ndikukulemberani.

Thengo la steppe limayambira chakumunsi kwa mtsinje wa Danube, kudutsa Ukraine, kumwera kwa Russia ndi Kazakhstan, mpaka Mongolia ndi kumpoto kwa China, mtunda wa makilomita pafupifupi 8,000 wa udzu wopanda nkhalango. Inu mukulidziwa ndi msana wanu, poti munaliyenda pa ngolo: kunyamuka ku St Petersburg mu 1768 muli ndi zaka 26, kufika ku Guryev m'mphepete mwa Caspian chaka chotsatira, kukafika mpaka ku Kyakhta pa malire a China, n'kubwerera mu 1774 mutachita imvi musanakalambe. Mvula kumeneko ndi ya njala. Ku Astrakhan, kumathiriro a Volga, chaka chonse sigwa yokwana mamilimita 250. Miyezi yozizira nthaka imauma gwaa ndi chisanu, ndipo mu Julayi imang'aluka ndi dzuwa. Madzi odalirika ndi amodzi okha, a chipale chimene chimasungunuka mu Malichi ndi Epulo. Milungu yowerengeka imeneyo ndi nthawi yokhayo imene nthaka imakhala yonyowa ndi yofunda nthawi imodzi. Ikatha, imabwera mphepo yotentha ija, sukhovei, n'kuyanika zonse.

Eni thengolo ndi udzu wosatha. Woyamba ndi kovyl, umene akatswiri amati Stipa, wa ngayaye zazitali zoyera zoweyula ndi mphepo. Wina ndi udzu waufupi wa m'matsinde, Festuca. Awa amakhala zaka zambirimbiri pamalo amodzi, ndipo mbali yaikulu ya thupi lawo ili pansi. Mizu yawo imalukana n'kupanga chiguduli cholimba chimene chimamwa dontho lililonse lisanatsike. Ndi mizu yomweyi, pofa ndi kuwola kwa zaka zikwizikwi, imene inapanga dothi lakuda bii lija, chernozem. Maluwa a tulip a m'tchire ali ndi njira yawo: amaphuka milungu iwiri itatu, n'kubwerera m'chitsinde chawo chapansi kukadikira chaka chamawa.

Kachomera kanu kalibe chitsinde chobisalamo, kalibenso mizu yokhalitsa. Chuma chake chonse ndi njere. Mvula ya Seputembala ndi Okutobala ikawaza, njerezo zimamera, n'kuyala timasamba togona pansi mozungulira, muzu umodzi ukulowa pansi. Sikakwera m'mwamba, kamangokhala phee, chipale n'kukakwirira, ndipo pansi pa chipalecho kamapulumuka kuzizira kumene kukanakapha kakanakhala poyera. Kumene nyengo yozizira ili yankhanza kwambiri, njere zina zimadikira mpaka chipale chisungunuke. Kukangoyamba kufunda, pamene zomera zina zikuyasamula, iko kali kale ndi muzu ndi masamba, ndiye kamangoponya tsinde. Mu Epulo kali m'maluwa. Maluwa a m'mwamba akuphuka, a m'munsi asanduka kale tizitheba, kotero kuti ngakhale chilala chitabwera msanga, kamakhala katasungako kena. Chaka chouma kamatha kukhala kotalika ngati chala, ndi tizitheba towerengeka. Chaka chonyowa kamafika theka la mita, nthambi mbwee. Pofika Juni kauma, kafa. Sukhovei akamabwera amapeza mapesi okhaokha.

Kali ndi chofooka chimodzi chachikulu: kambande kake sikangalimbane ndi chiguduli cha kovyl. Njere ikagwa pakati pa matsinde a udzu wosatha, kuwala kulibe, madzi atengedwa kale. Kamafuna dothi loyera, losendeka. M'thengo limene inu munaona, malo otero analipo koma anali timabala ting'onoting'ono: mulu wa dothi pakhomo pa una wa suslik, agologolo a pansi aja, chitunda chofukulidwa ndi bobak, kanyama kena kokumba mauna, pachitsime pamene nkhosa, mahatchi ndi ngamila za Akalmyk ndi Akazakh zinkapondaponda, pamalo pamene mahema anakhala n'kusamuka, madothi a mchere pamene udzu umamera motalikirana, m'mbali mwa msewu wa ngolo za mchere zochokera ku nyanja ya Elton. Kankakhala pa balalo zaka zochepa, udzu wosatha n'kutseka, iko n'kupezeka pa bala lina kutsogolo. Abale ake ambiri a gulu la Chorispora, limene lili ndi mitundu khumi ndi kanthu, anasankha moyo wina: ndi zomera zosatha za m'mapiri aatali a pakati pa Asia, ndipo kamodzi, Chorispora bungeana, kamamera pafupi ndi madzi oundana a m'mapiri a Tian Shan, kumene akatswiri a ku China amakaphunzira kuti adziwe mmene chomera chimapiririra chisanu. Kanu ndi koyendayenda ka m'chigwa, kotsatira mapazi.

Apa ndiye mundilole ndilankhule mosapsatira. Ulendo wanu sunali wongosangalala ndi maluwa. Chinauyambitsa ndi kudutsa kwa pulaneti ya Venus pamaso pa dzuwa mu 1769, koma malangizo amene Academy ya ku St Petersburg inakupatsani, inu ndi anzanu a magulu enawo, anali a padziko pompano: muone dothi ndi madzi, muone migodi, muone malo osalimidwa amene angalimidwe. Mfumukazi Catherine ankafuna kudziwa chuma chimene chinali m'manja mwake. Anali ataitana kale alimi ochokera ku Germany ndi chikalata cha mu 1763, ndipo pamene inu munkadutsa, midzi yawo yoposa 100 inali itakhazikika m'mbali mwa Volga chakufupi ndi Saratov. Mu Januwale 1771, inu muli chakum'mawa, Akalmyk ambirimbiri anapasula mahema awo n'kunyamuka ulendo wobwerera ku Dzungaria, mwa zina chifukwa msipu wawo unkapanikizidwa ndi obwera, ndipo ambiri anafera m'njira. Munalemba za anthu amenewa mabuku awiri athunthu, mwachidwi ndi mosamala. Koma mabuku omwewo, pamodzi ndi a ulendo aja, ankawerengedwa ndi anthu amene ankafuna malowo. Ife a kuno sitidabwa nazo: John Kirk ankatola zomera m'mbali mwa Shire pa ulendo wa Livingstone umene unkafunafuna malo a thonje, ndipo sipanapite zaka 40 dziko lisanakhale la Angerezi. Sindikunena kuti pulawo munagwira ndinu. Ndikungonena kuti kope lanu linkayenda patsogolo pake.

Umodzi mwa midzi ya anthu ochokera ku Germany ija muyenera kuti mukuukumbukira bwino: Sarepta, wa Akhristu a mpingo wa Moravian, womangidwa mu 1765 pafupi ndi Tsaritsyn kumene munagonera nyengo yozizira yomaliza ya ulendo wanu. Lero uli mkati mwa mzinda wa Volgograd. Anthu a m'mudzi umenewo anadzatchuka ndi kupera njere za Brassica juncea, mpaka a ku Russia amachitcha chomeracho ndi dzina la Sarepta. Ndi mpiru womwewu umene ife timathyola masamba n'kuphika ndi tomato kapena kutendera. Iwo anafuna njere, ife masamba. Ndatchula izi kuti muone mmene banja limodzi linagawikira: wina analowa m'munda ngati mbewu, wina analowa m'munda womwewo osaitanidwa.

Zimene zinachitika mutachoka ndikufotokozerani mwachidule, poti n'zachisoni ndipo n'zobwerezabwereza. Doko la Odessa, lokhazikitsidwa mu 1794 inu mudakali moyo, linasanduka khomo lotulutsira tirigu kupita ku Ulaya, ndipo thengo la Ukraine linalimidwa chigawo ndi chigawo. Vasily Dokuchaev, amene anafotokoza za chernozem m'buku lake la mu 1883, ataona njala ya mu 1891 analemba buku lina kuchenjeza kuti kulima kopanda malire kukuumitsa dzikolo. Anamumva pang'ono. Mu 1954 mtsogoleri wa Soviet Union, Nikita Khrushchev, analamula kuti tselina, nthaka yosagwidwapo khasu ya kumpoto kwa Kazakhstan ndi kumadzulo kwa Siberia, itembenuzidwe, ndipo pofika 1960 mathirakitala anali atang'amba mahekitala oposa 40 miliyoni. Mzinda wa Akmolinsk anausintha dzina kukhala Tselinograd. Ndi umene lero uli likulu la Kazakhstan, Astana. Zaka zoyamba nkhokwe zinasefukira. Kenako mphepo inayamba kunyamula dothi, ndipo zokolola za 1963 zitalephera, dziko la Soviet Union linakagula tirigu ku Canada. Ku Ukraine, amene akufuna kuona kovyl woweyula mpaka kumene maso alekezera ayenera kupita kumalo otetezedwa monga Askania-Nova, amene Friedrich Falz-Fein anapatula mu 1898, ndipo nawonso agwidwa ndi nkhondo kuyambira 2022.

Kwa kovyl pulawo ndi imfa, chifukwa chiguduli chikang'ambidwa sichilukananso msanga. Kwa kachomera kanu pulawo ndi mulu wa suslik wokula ngati dziko, wofukulidwa mwatsopano chaka ndi chaka. Kuwonjezera apo pali misewu, njanji, makola, minda yogonera, ndi msipu wodyedwa mpaka dothi. Kamene kankasakasaka bala kanapeza kuti dziko lonse lasanduka bala.

Ku America kanapeza zoposa pamenepo. Mu 1874 boma la Russia litakhazikitsa lamulo loti mwamuna aliyense azilowa usilikali, Amennonite ambiri olankhula Chijeremani, amene chipembedzo chawo chimakana nkhondo, anasamukira ku Kansas ndi madera oyandikana nawo, ndipo dzina lawo limayenda limodzi ndi tirigu wolimba wofiira wa Turkey Red. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1890 Mark Carleton wa ku nthambi ya zaulimi ya boma la United States anapita yekha ku Russia kukatenga mitundu ina ya tirigu wopirira chilala. Madera ouma a kumadzulo kwa America anali ngati steppe yachiwiri, ndipo anthu anawadzaza ndi mbewu za steppe yoyamba. Koma thumba la mbewu silinyamula mbewu yokha. Chitsamba chaminga chogubuduzika ndi mphepo chija, Salsola tragus, chimene mafilimu a anyamata oweta ng'ombe anachisandutsa chizindikiro cha America, chinafika ku South Dakota m'zaka za m'ma 1870 m'mbewu ya fulakesi yochokera ku Russia. Sisymbrium altissimum, wa banja lomweli la mpiru, anafalikira motsatira njanji mpaka alimi anamupatsa dzina la James J. Hill, mwini njanjiyo. Kanu kanachedwa: kanalembedwa koyamba mu 1929 ku Lewiston, m'chigawo cha Idaho, m'mphepete mwa dera la tirigu la Palouse. Kumeneko amakatcha blue mustard.

Taonani mmene kalendala ija inagwirizanira ndi ya mlimi. Tirigu wa nyengo yozizira amafesedwa mu Seputembala kapena Okutobala, pa dothi losalazidwa bwino, lothiridwa feteleza, lopanda udzu wina uliwonse. Imeneyo ndi nthawi yomwe njere za Chorispora zimamera. Ziwirizi zimagona limodzi pansi pa chipale. Kukafunda, kachomera kanu kamadzuka koyamba n'kumwa madzi a chipale aja, amene kumadera amenewo ndiwo chiyembekezo chonse cha tirigu. Pamene kachuluka, zokolola zimatha kutsika ndi theka. Ndipo pamene makina okololera akulowa m'munda mu Julayi, iko kanamwaza kalekale.

Mankhwala nawo ali ndi vuto lake. Wotchipa amene alimi akhala akudalira kuyambira zaka za m'ma 1940, 2,4-D, amapha zomera za masamba otambalala n'kusiya tirigu, koma amafuna kuti tiriguyo akhale atachita ana mokwanira, apo ayi amapweteka. Mlimi amene wazolowera kudikira kuti udzu wina umere kuti apopere kamodzi, amapeza kachomera kanu kataponya kale tsinde, ndipo kakafika pamenepo mankhwala sakagwiranso bwino. N'chifukwa chake alangizi a kumeneko amalimbikira kuuza alimi kuti aziyendera minda kudakali kozizira, agwade, afunefune timasamba togona pansi tija, osadikira kuona pepo, chifukwa pepo akaoneka ndiye kuti nthawi yadutsa. Njira ina imene amalangiza ndi kasinthasintha: kusiya tirigu wa nyengo yozizira kwa zaka zingapo n'kubzala mbewu yofesedwa mochedwa, monga mapira kapena mpendadzuwa, kuti kukonza munda kukapeze kasanabereke. Ndiye kuti mankhwala enieni ndi kusokoneza kalendala, ndipo ine ndimaona kuti imeneyi ndi njira yanzeru kuposa zonse, chifukwa ikuchokera pa kudziwa chomeracho.

Mlimi wa ku Nebraska amene akutukwana pepo wa m'munda mwake sakulakwa. Ali ndi ngongole ya thirakitala, ndipo theka la zokolola si nkhani yoseketsa. Chimene sindigwirizana nacho ndi kalankhulidwe kamene kafala m'timabuku ta zaulimi, kofotokoza zomera zotere ngati adani obwera ndi chiwembu. Kachomeraka sikanasinthe khalidwe kuchokera tsiku limene munakazula n'kukapana pakati pa mapepala. Kamachita chinthu chimodzi chokha, kumera pa dothi losendeka nyengo yozizira isanafike, ndipo kamachita chimenecho kulikonse kumene wina wasenda dothi. M'thengo la America limene silinalimidwe kapena kudyetsedwa mopitirira, sikapita patali ndi msewu.

Kudya amadyanso. Kumpoto kwa China anthu a kumidzi amathyola masamba ake anthete nyengo yozizira ikangotha, nthawi imene ndiwo zamasamba zimasowa, ndipo ku Colorado kuli anthu okonda ndiwo za m'tchire amene amakafuna dala kasanachite maluwa. Amati kamayabwa pang'ono ngati radishi. Lilime lawo likugwirizana ndi maso anu.

Pali chinthu china chimene chachitika m'zaka zaposachedwa chimene ndikuganiza kuti mukanafuna kukachiona nokha. Soviet Union itagwa mu 1991, minda ikuluikulu ya boma inatha, mafuta a mathirakitala anasowa, anthu anasamukira m'mizinda, ndipo mahekitala mamiliyoni ambiri ku Kazakhstan ndi ku Russia anasiyidwa ogonera. Alimi a steppe anadziwa kalekale zimene zimachitika pa zalezh, munda wosiyidwa. Zaka zoyamba umadzaza ndi buryan, tchire la zomera za chaka chimodzi, ndipo a banja la mpiru amakhala patsogolo. Kenako kumabwera chowawa cha Artemisia ndi udzu woyanga ndi mizu yapansi, umene umapanikiza oyambawo. Pomaliza, patapita zaka makumi angapo, ndiponso ngati pafupi patsala kachigawo kosalimidwa kotumiza njere, matsinde a Festuca ndi kovyl amayamba kuoneka apa ndi apo. Pa sitepe iliyonse kachomera kanu kamachepa. Sikafuna kupoperedwa, kamangofuna kuti dothi lisiyidwe, ndipo kamabwerera kokha ku milu ya suslik. Ina mwa minda imeneyo yalimidwanso tirigu atakwera mtengo, koma ina idakagona.

M'malo omwewo saiga zabwerera, agwape a mphuno yolendewera aja amene inu munawaona m'magulu ndi kuwafotokoza. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 zinali zitatsala pang'ono kutha ku Kazakhstan chifukwa cha opha nyama mozemba amene ankafuna nyanga. Mu Meyi 2015 zoposa 200,000 zinafa m'milungu yochepa ndi matenda a bakiteriya wotchedwa Pasteurella multocida, nthawi yobereka, ndipo anthu anati basi kwatha. Koma pofika 2023 zinali pafupifupi 1.9 miliyoni, ndipo bungwe la IUCN linazichotsa pa mndandanda wa nyama zotsala pang'ono kutheratu. Ziboda zawo zikusendanso timabala ting'onoting'ono tija m'chiguduli cha udzu. Alimi a kumadzulo kwa Kazakhstan, m'mbali mwa mtsinje wa Ural umene inu munaudziwa ndi dzina la Yaik, akudandaula kuti nyamazi zikupondaponda minda ndi kumaliza msipu wa ziweto, ndipo chaka chomwecho cha 2023 boma linalola kuti zina ziphedwe. Mkangano wa pakati pa alimi ndi oteteza zachilengedwe udakali mkati.

Ndine,
Wowerenga mabuku anu wa kum'mwera kwa Africa